Tsiku Limene Ndinauza Alamu Anga Kuti Ali Bwino

Tsitsani kaye mafoniwo, inu ana. Iwe Tomasi, ndamva kwa mayi ako kuti akuitana ku Cuamba kukayezedwa thupi asanakulembe ntchito, ndipo akuti watha masiku atatu ukukana ndiwo zamchere poopa kuti magazi apezeka akuthamanga. Mchere womwe ife tinkauyendera masiku awiri nthawi ya nkhondo, iwe ukuukana uli m'mbale! Chabwino, khala pansi. Nawenso Luwiza sendera kuno, khutu lakumanzereli linasiya ntchito kalekale. Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yolima nandolo, koma panali zaka zinayi zimene mwamuna aliyense wofuna ntchito yoswa miyala kuno ku Mecanhelas ankavula malaya pamaso panga. Ntchito yoyeza anthu ndinaigwirapo ine, ndipo sindinaisimbepo bwinobwino kwa wina aliyense wa inu.

Ndiyambire ku Malawi kumene tinathawira. Ine sindinali dotolo kapena namwino. Ndinali ndi makalasi anayi a Chipwitikizi amene ndinaphunzira kumishoni nkhondo isanatibalalitse, ndipo kumsasa wa othawa nkhondo ndinatolako Chingerezi chongokwanira kupereka moni. Zimenezo zinali zokwanira kuti anthu a zaumoyo anditenge ndiziwathandiza. Sikelo yathu inali yopachika panthambi ya mtengo wa mango, yokhala ndi kakabudula kolowetsamo mwana, ndipo ine ndinkawerenga muvi n'kulemba pakhadi mwana akulira ngati tikumupha. Kumeneko ndinaonanso odwala chifuwa chachikulu, anthu obwera atanyamulidwa pamachira, nthiti zikuwerengeka, amene pakatha miyezi ingapo ya jakisoni ndi mapiritsi ankabwerera kumahema awo akuyenda okha. Ndikunena zimenezi kuti pasadzakhale wina wonditchinjiriza kuti agogo sankadziwa kanthu. Ndinkadziwa kuti chifuwa chimenecho chili ndi mankhwala.

Mtendere utasainidwa anatikweza m'malole mpaka kumalire, n'kutipatsa khasu, chikwanje, ndowa ndi timbewu tochepa. Entre Lagos amene mukumudziwa inuyu, wa magolosale ndi njinga zamoto, sanali choncho. Denga la pasiteshoni linali ngati sefa chifukwa cha zipolopolo, ndipo pakati pa njanji panamera mitengo yoti munthu n'kukhala pamthunzi. Kuchokera pamenepo tinayenda wapansi mondondozana, aliyense kuponda pamene waponda mnzake, poopa mabomba okwirira. Inu lero mumathamanga pathengo paliponse posaka mbewa. Ife chaka chonse choyamba mwana akapatuka panjira kukataya madzi, mayi wake ankagwira mtima m'manja. Pamudzi pathu tinapeza mitengo ya mango yokha, ndi mtondo wa amayi anga utadyedwa ndi chiswe mpaka pakati.

Amene anatidyetsa chaka chimenecho ndi alamu anga a Saide, mwamuna wa mlongo wanga Rozina, Rozina yemwe uja inu mumati agogo akunyanja. A Saide anali Msilamu wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ndipo iwo sanathawe nkhondo. Ankabisala m'mabango ndi bwato lawo, mfuti zikatontholako n'kuwoloka ndi nsomba zouma kudzagulitsa kumsasa kwathu. Kumeneko ndi kumene anaonera Rozina. Ine monga mwini mbumba ndinayamba ndakana, ndinati mlongo wanga wobatizidwa sangakwatiwe ndi munthu wonunkha utsi wa nsomba amene sadya ngakhale mbewa. Iwo sanakwiye. Anangobwerabwerabe ndi matemba mpaka manyazi anandigwira. Titabwerera kuno, chimanga chisanache, tinkadya makaka a chinangwa owawa aja, ndipo Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti a Saide ankatulukira ndi dengu la nsomba panjinga. Njinga yake inalibe machubu, m'matayala ankapakiramo udzu, moti inkamveka ili kutali. Anali munthu wa chifuwa chotambalala, wopalasa bwato tsiku lonse osapuma, ndipo akamaseka ankasakaniza Chiyao ndi Chinyanja mpaka mawu kusokonekera. Bambo ako iwe Luwiza anakula ndi nsomba za munthu ameneyo.

Kenako kunabwera chilala chija nyanja inaphwa, mabwato n'kukhala pamatope. M'nyengo yomweyo kunafika kampani ina yofuna miyala yokonzera njanji, n'kutsegula pedirera, ndiye kuti malo oswera miyala, paphiri lina kumpoto kwa siteshoni. Dzina la kampaniyo sindilitchula, inapita kalekale ndipo eni ake mwina anasintha dzina kasanu. Mbiri inamveka kuti akulemba anthu, koma aliyense ayambe wadutsa pa ezami, kuyezedwa thupi lonse. Ine ndi a Saide tinapita limodzi, iwo akupalasa ine ndili kumbuyo.

Oyezawo sanali a kampani ya miyala. Anali a kampani ina ya kumzinda imene ntchito yake inali yomweyo, kuyendayenda m'malo a ntchito kuyeza anthu m'malo mwa mabwana. Ankabwera kawiri pachaka ndi galimoto loyera lalitali, m'kati mwake muli makina ojambulira m'chifuwa oyendera jenereta. Wotsogolera anali namwino wamwamuna, a Jeremiyasi, munthu wochepa thupi, waulemu, wolankhula Chipwitikizi ndi Chimakuwa basi. Tsiku loyambalo anafunsa pamzere ngati pali wina wodziwa kulemba ndi kumasulira. Ine ndinakweza dzanja. Pofika masana ndinali nditavala chovala choyera chondipitirira m'manja, ndikuitana mayina a anzanga.

Kuyeza kwake kunali kotere. Munthu ankavula malaya n'kukwera pasikelo yapansi. Ankamumanga lamba pamkono n'kupopa kuti aone kuthamanga kwa magazi. Ankamuimika patali kuti aloze kumene zayang'ana zilembo za pachikwangwani, ankamumvera pamsana, ankamupatsa kachitoliro koti auziremo mpweya ndi mphamvu zake zonse, kenako kambale kolavuliramo makhololo, n'kumalizira m'galimoto muja, chifuwa atachigunditsa pachitsulo chozizira. Bambo anga, amene anapitako kumigodi ya ku Joni kale, ankasimba kuti iwo ankawayeza ali maliseche ngati ng'ombe zapamsika, n'kuwakwezetsa ndi kuwatsitsa pachithandala m'chipinda chotentha mpaka ofooka agwe. Ndiye ife poona kuti akutisiyira mathalauza ndiponso akutiuza kuti khalani pampando, tinati dziko lasinthadi, mtendere ndi umenewu. Ena ankamwa madzi ndowa yathunthu kuti alemere pasikelo. Ena ankaloweza kumene zilembo zayang'ana n'kumauzana kunja, moti mkulu wina wa diso limodzi anakhoza mzere wonse wapansi asanafike n'pomwe poimirira. Tinkaseka. A Saide atauzira mpweya m'kachitoliro kaja, muvi unakagunda kumapeto, a Jeremiyasi n'kuwauza kuti abwereze poganiza kuti chida chawonongeka. Pafisha yawo, khadi limene munthu aliyense anali nalo muofesi, panadindidwa liwu lakuti aputu, kutanthauza woyenera ntchito.

Iwo anawaika pachigayo cha miyala. Inu simunachionepo chinthu chimenecho. Chimameza mwala waukulu ngati mbuzi n'kulavula timiyala ta panjanji, ndipo fumbi lake ndi loyera, losalala ngati ufa wosefa kawiri. Anthu ankaweruka atayera tsitsi, nsidze ndi m'mphuno momwe, akalavula malovu ankatuluka ngati phala. Tinsalu totchinga pamphuno tinaliko m'katoni muofesi, koma tinkagawidwa tsiku lobwera alendo, alendo akapita n'kutoleredwa. A Saide ankamanga kansalu ka kapulana, chitenje cha Rozina, kukamwa, pofika masana kali gwaa ngati chikopa. Ine oyeza akapita ndinkatsala muofesi, kusunga mafisha, kumanga zilonda ndi kumasulira mawu a shefe, mkulu wa pamalopo. Ndinkakhala pamthunzi. Amayi a m'midzi anayamba kunditchula kuti adotolo, ndipo sindinawakanize. Nsapato ndinagula, malata ndinakhoma, kutchalitchi anandisuntha kundikhazika kutsogolo.

Zithunzi za m'chifuwa ndi makhololo aja zinkapita kumzinda kwa dotolo amene sitinamuonepo nkhope. Mayankho ankabwera pakatha milungu ingapo mu envulopu yomata, osati kwa mwini chifuwa, koma kwa shefe. Shefe ankadzitsekera, kenako n'kundipatsa mafisha kuti ndibwezeretse m'bokosi. Ena ankabwera ali ndi mtanda wa cholembera chofiira pakona, ndipo kumbuyo kwake kuli kapepala kopindidwa, kokhomedwa ndi waya mbali zonse kuti kasatseguke. Kontiratu zathu, ndiye kuti mapangano a ntchito, zinali za miyezi isanu ndi umodzi. Ikatha, eni mafisha a mtanda wofiira ankaitanidwa mmodzimmodzi, shefe n'kulankhula, ine n'kumasulira kuti thupi lanu lili bwino, kungoti ntchito yachepa, tidzakuitanani. Ulendo woyamba ndinanena mawu amenewo ndi mtima woyera. Ulendo wachiwiri ndinaona kuti amene tawauza kuti ntchito yachepa ndi omwe aja otsokomola pamzere, ndipo mlungu wotsatira pachipata pankalembedwa anthu atsopano ochuluka chimodzimodzi.

A Jeremiyasi atabweranso ndinawafunsa tili awiri, tikutsuka timbale. Sanandibisire. Anati mtanda wofiira ndi chifuwa choipa, ena fumbi lawalowa m'mapapo, ena ndi chifuwa chachikulu, ena zonse ziwiri. Ndinafunsa chifukwa chake eni ake sauzidwa. Anapukuta m'manja nthawi yaitali, kenako anati:

"Ife anatilemba kuti tiyeze. Mayankho ndi a amene watituma. Ndikatsegula pakamwa, chaka chamawa galimoto ili libwera ndi namwino wina."

Apa ndiye imva iwe Tomasi, popeza ukupita kukavula malaya. Kuyezedwa si koipa. Makina aja sananame ngakhale kamodzi, ankaona zoona. Akuti masiku ano malamulo anakhwima ndipo munthu amauzidwa za thupi lake, ine sindikudziwa, sindinalowenso muofesi. Koma ukakayezedwa usakakhutire ndi liwu la munthu woima pakhomo wonena kuti uli bwino. Ukapemphe pepala, uligwire m'manja, ukaliwerenge wekha, ndipo ngati sukulimva ukalipereke kwa namwino amene sadya za bwana wakoyo. Chifuwa ndi chako. Munthu woima pakhomo uja ali ndi ana ake ofuna kudya, ndikumudziwa bwino.

Chaka chachitatu, m'nyengo yozizira, mphepo ya mwera ikuwomba fumbi lonse kulowetsa m'misasa ya antchito, shefe anandipatsa mafisha mmawa monga mwa masiku onse. Yachinayi kuchokera pamwamba inali ya a Saide, mtanda wofiira uli pakona. Ndinali nditawaona kale kuti atsika thupi, ndipo pa ezami yomaliza muvi wa kachitoliro sunafike ndi pakati pomwe, koma ndinkadziuza kuti ndi kusala kudya kwa mwezi wa Ramadani. Ndinabwerera kwa shefe fisha ili m'manja. Ndinamuuza kuti uyu ndi mwamuna wa mlongo wanga, andilole ndimunong'oneze yekha kuti apite kuchipatala, sadzauza munthu. Shefe sanakalipe. Anandikhazika pampando, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundifotokozera modekha kuti mmodzi akadziwa onse adziwa, ndipo mawa pachipata padzadzaza anthu ofuna chipukuta misozi, pedirera itsekedwa, mabanja onse a kuno agona ndi njala chifukwa cha ine. Anatinso mapepala aja ndi katundu wa kampani, wowaulula ndi wakuba, ndipo anthu odziwa Chipwitikizi ofuna chovala choyera ndi ambiri. Nthawi imeneyo ndinali ndi ana asanu, agogo anu aakazi ali ndi pakati pa wachisanu ndi chimodzi. Ndinakumbukira makaka owawa aja. Ndinadziuzanso kuti kuchoka pafumbi ndiwo mankhwala, akabwerera kunyanja mphepo yabwino iwachiza. Munthu ukafuna kuchita choipa, zifukwa zimabwera zokha ngati ntchentche.

Tsiku loitana mayina, a Saide analowa atavula chipewa, fumbi lili m'makutu. Shefe analankhula zake zija. Ine ndinayang'ana pakhoma n'kunena kuti ntchito yachepa, adzawaitana. A Saide sanadandaule, nyanja inali itayambanso kudzaza ndipo mtima wawo unali kale kumabwato. Koma atafika pakhomo anatembenuka n'kundifunsa m'Chinyanja, motsitsa mawu:

"Alamu, nanga chithunzi chija chati bwanji? Chifuwachi chikundivuta usiku."

Shefe sankamva Chinyanja. Ndikanatha kunena chilichonse, iye akanaganiza kuti tikutsanzikana. Ndinali ndi mpata wokwanira mawu atatu okha, pitani kuchipatala msanga. Ine ndinati:

"Muli bwino, alamu. Ndi fumbi chabe, litha."

Anamwetulira, nandigwira paphewa, n'kusiya chidindo cha zala zoyera pachovala changa.

Anabwerera kunyanja. Miyezi iwiri yoyamba ankabwerabe ndi nsomba Lachisanu, koma tsopano pachitunda chapafupi ndi kwathu ankatsika n'kumakankha njinga. Kenako anayamba kutumiza nsomba ndi anthu ena. Nditapita kukawaona ndinawapeza atakhala padzuwa atafunda bulangete, mwezi wa Okutobala, kutentha konse kuja. Rozina anati amatuluka thukuta mpaka mphasa kunyowa, ndipo kawiri analavula magazi. Pamenepo ndinawauza a Saide kuti alamu, bwanji tipite kuchipatala ndi chifuwachi, ndikunyamulani ine. Anandiyang'ana modabwa.

"Kuchipatala kukatani? Kumeneko amangomvera ndi kachingwe m'makutu. Ine anandijambula ndi makina a kumzinda, ndipo inu nomwe munawerenga yankho. Matenda awa si a chipatala."

Mwaona mmene bodza limagwirira ntchito, inu ana? Ndikanangokhala chete tsiku lija, mwina akanapita okha kuchipatala. Koma ndinawapatsa umboni, ndipo ankaukhulupirira chifukwa unachokera kwa ine. Kuti ndiwakakamize kunafunika ndinene kuti ndinanama, pamaso pa mlongo wanga, pakhomo pa anthu amene anadyetsa ana anga. Ndinasiya shuga ndi sopo n'kubwerera.

Popeza makina anati thupi lili bwino, abale anayamba kufunafuna munthu. Anapita koombeza, ndipo ula unagwa pa a Bwanali, msodzi wachikulire amene anakanganapo ndi a Saide pa nkhani ya malo otchera ukonde. Anthu anasiya kugula nsomba zawo. Ana ankawathawa panjira, ndipo usiku wina bwato lawo linabooledwa. Zonsezi ndinkazimva ndili muofesi, nditavala zoyera.

Mvula yoyamba itagwa anabwera kudzandiuza kuti a Saide akomoka. Tinawanyamula pamachira mpaka pamsewu, n'kupeza galimoto lopita kuchipatala cha boma. Namwino wa kumeneko atangowaona anafunsa chifukwa chake tachedwa chonchi. Anawayambitsa mankhwala tsiku lomwelo, koma mapapo anali atatha. Anakhala masiku asanu ndi limodzi. Asilamu sagoneka maliro, moti tinawaika dzuwa lisanalowe, ndipo ine ndinasenza nawo jeneza, chonyamulira maliro chawo, paphewa lomwe lija anandigwira. Pobwerera kumanda Rozina anaona a Bwanali ataima patali pansi pa mtengo, atabwera kudzapepesa. Anawalalatira pamaso pa anthu onse, kuwatchula mfiti, mpaka amayi anzake kumugwira. Mkulu uja anangowerama n'kubwerera.

Patangopita miyezi iwiri, mwana wawo wamkazi, azakhali anu a Amina, anayamba kutsokomola chimodzimodzi. Ulendo uno sindinafunse munthu. Ndinamukweza panjinga, mayi wake akukana, n'kukamutula kuchipatala. Anamuyeza makhololo, anapeza chifuwa chachikulu, anamupatsa mapiritsi. Sanatilipiritse kanthu. Chimanga chisanakololedwe kachiwiri mwanayo anali akusenza ndowa kuchitsime. Rozina ankandithokoza pamaso pa anthu, kunena kuti achimwene anga ndi amene anapulumutsa mwanayu. Ine mawu amenewo ankandilasa kuposa chitonzo. Mapiritsi omwewo, a ulere, anali pamtunda woti njinga yopanda machubu inkafika dzuwa lisanakwere.

Njanji itatha kukonzedwa kampani inayamba kupakira. Chigayo anachimasula, misasa anaigwetsa, ndipo shefe anandituma kuti nditenthe mafisha onse mumgolo kuseri kwa ofesi. Ndinayatsa moto n'kuyamba ndi a anthu athanzi. Nditafika pa a mtanda wofiira ndinatenga ya a Saide, n'kuchotsa mawaya aja ndi mpeni. Nthawi yonseyi kapepala kameneko kanali m'bokosi limene makiyi ake ankagona m'thumba mwanga, ndipo sindinakatsegulepo, poopa zimene ndingapeze. Dotolo wa kumzinda uja analemba ndi dzanja lake. Anati m'mapapo muli fumbi, m'makhololo mwapezeka chifuwa chachikulu, wantchitoyu auzidwe ndipo atumizidwe kuchipatala mwamsanga, a m'nyumba mwake ayezedwenso. Pansi anajambula mizere iwiri. Ndinatsegula ina, ndi inanso. Mawu ankasiyana pang'ono, koma liwu lakuti auzidwe linali paliponse.

Mafisha ofiirawo sindinawatenthe. Ndinawakulunga m'chovala choyera chija n'kutuluka nawo pachipata ngati zochapa. Chilimwe chonsecho ndinayenda panjinga m'midzi, mpaka ku Amaramba, kufunafuna eni ake. Musaganize kuti ndikudzitama, kunali kuthira madzi pa phulusa nyumba itapsa kale. Ena ndinawapeza ali moyo, akupuma ngati mvukuto, ndipo angapo anapita kuchipatala n'kuthandizidwa. Ena ndinapeza akazi awo atakwatiwa kwina. Mwamuna wina atamva zonse anatola mpini wa khasu, ndipo ndinathawa kusiya nsapato imodzi. Wina anandifunsa kuti pepalali alipereke kwa yani tsopano, popeza paphiri paja pangotsala dzenje la madzi obiriwira. Ine ndi iyeyo tinapita kukadandaula kuboma, anatilandira bwino n'kulemba zonse, koma kampani inali itawoloka kale malire, ndipo palibe ankadziwa khomo lake.

Fisha ya a Saide ndinaisiya komalizira. Ndinadutsa njira ya kwa Rozina katatu osapatuka. Tsiku limene ndinapatuka unali mmawa, ndinamupeza pabwalo akusenda chinangwa choti aviike. Anandiyalira mphasa, anafunsa za alamu ake ndi ana. Ine ndinatulutsa khadi lija n'kuliika pamphasa. Rozina sanapite kusukulu, koma chithunzi chaching'ono cha mwamuna wake chinali pakona, pafupi ndi mtanda wofiira. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndimuwerengere. Ndinayamba kuwerenga m'Chipwitikizi mmene zinalembedwera, mwina pofuna kubisala m'chinenero cha eni. Anandidula.

"Nenani m'Chinyanja. Si ndiyo inali ntchito yanu?"

Ndinamasulira liwu ndi liwu, osasiya kanthu, mpaka pa mizere iwiri ija. Anafunsa kuti pepalali linalembedwa liti. Ndinamuuza kuti m'nyengo yozizira, asanachoke kupedirera. Anafunsa ngati ine ndinkadziwa tsiku limene ndinawauza kuti ali bwino. Ndinati kapepalako ndinali ndisanakawerenge, koma tanthauzo la mtanda wofiira ndinkalidziwa. Anafunsanso ngati ndinkadziwa tsiku lija ndinabwera ndi shuga ndi sopo. Ndinati inde.

Ndinkayembekezera kuti alira, kapena andilalatira monga anachitira ndi a Bwanali. Ndikanakonda zimenezo. Iye anatenga khadi lija, analipukuta fumbi ndi chikhatho, n'kulilowetsa m'kapulana pachifuwa. Anatolanso mpeni wake n'kupitiriza kusenda chinangwa, chimodzi, chiwiri, chitatu, ine ndili pamphasa. Kenako analankhula osandiyang'ana. Anati pochoka pano ndisalunjike kwathu, ndidzere kugombe kwa a Bwanali, ndikaime pamene pali anthu ambiri, ndikanene ndi pakamwa panga pomwepa kuti mkuluyo sanalodze munthu, ndipo ndikanene amene anapha a Saide. Anati iye adzapita yekha mawa lake ndi nkhuku kukagwada.

Ndinapita. Asodzi anali akukokera mabwato kumtunda, amayi akuyanika matemba pathandala. Ndinaima pakati pawo n'kunena zonse, kuyambira mtanda wofiira mpaka mawu anga a pakhomo paja. Palibe anandigenda. A Bwanali anali atakhala pamchenga akusoka ukonde, tsitsi lonse litayera, ndipo sanasiye kusoka mpaka ndinamaliza. Anangondifunsa ngati ku ofesi kwathu kunalinso pepala lobwezera munthu zaka ziwiri zimene adzukulu ake ankaopa kudya m'mbale yake.

Koma ndadumpha chinthu chimodzi. Pamene ndinkatulutsa njinga pabwalo la mlongo wanga mmawa umenewo, iye anaimirira monga amachitira munthu woperekeza mlendo, anafika nane mpaka pamphambano ya kanjira. Chibadwire chake anali asananditchulepo dzina, ndinali achimwene basi, kuyambira ali kamwana kondigwira chala pothawa mfuti. Pamphambano paja anati:

"Muyende bwino, a Berenado."

Papita zaka zambiri tsopano. Timakumana pamaliro ndi pamaukwati, amandipatsa moni, amandipatsa madzi akumwa, ana ake akadwala amanditumizira uthenga monga mwambo ufunira. Koma dzina ndi lomwelo. Ndiye inu ana, mukadzamumva akundiitana choncho pagulu, pasadzapezeke wina womukonza.